ZA KUMUNDA NDI KUTHENGO: Munda wa zomera zosamva chilala

Mwezi wa Okutobala ukafika m'boma la Lago, munthu woyenda pansi kuchokera ku Metangula kudzera ku Messumba mpaka ku Cobue amaona dziko lonse litatuwa. Udzu wapsa, milambe yavula masamba, mchenga wa kugombe ukuotcha mapazi ngati phulusa la moto, ndipo mbuzi zikungozungulira m'makonde kufunafuna makoko a chinangwa. Koma pakati pa kuuma konseko pali zomera zina zomwe sizisintha nkhope. Mpanda wa nkhadze uli biriwiri kuseri kwa khola. Khonje waima m'malire a munda ndi masamba ake onga malupanga. Pamwamba pa thanthwe, pomwe palibe ngakhale dothi lodzaza chikho, pamera chomera cha masamba okhuthala a minga m'mbali, chija ana a masiku ano amangochitcha alovera.

Zomera zimenezi palibe amaziwerengera. Nkhadze imakumbukiridwa mbuzi za mnansi zikalowa m'munda, khonje amafunidwa tsiku lomwe chingwe chaduka, ndipo alovera wa m'thengo amakathyoledwa nkhuku zikayamba kuodzera. Ntchito ikatha, basi, aiwalika. Sabata ino tsamba lino likunena kuti nthawi yakwana yoti sukulu, mpingo kapena bwalo la amfumu m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja likhale ndi kamunda kosonkhanitsiramo zomera zotere, mtundu uliwonse pamalo pake ndi dzina lake, moto wolusa ndi anthu okumba asanazimalize m'matanthwe.

Wina aseka, amvekere munda wa minga ngwachiyani pomwe ana akufuna kondowole. Funsolo ndi la nzeru, koma ayambe wamva za munda wina wa ku Zimbabwe.

Akuluakulu omwe adakagwirako ntchito ku Harare nthawi ija inkatchedwa Salisbury mwina adamvapo za malo otchedwa Ewanrigg, makilomita pafupifupi 40 kuchoka mumzindawo. Mwini wake woyamba anali mlimi wachizungu, Harold Basil Christian. Mkuluyu adayamba ndi kuitanitsa maluwa a kumapiri ozizira a ku Ulaya, koma maluwawo sadapirire kutentha ndi kuuma kwa dzikolo. Pabwalo la nyumba yake panali chimwala chomwe chidakanika kuzulidwa, ndipo pofuna kuchibisa padabzalidwa alovera wa m'thengo wotengedwa pa kaphiri kapafupi. Chomeracho sichidathiriridwe, koma nyengo yake itakwana chidachita maluwa ofiira. Kuyambira pamenepo Christian adasiya za ku Ulaya nayamba kusonkhanitsa zomera za mu Africa momwemo. Pomwalira mu 1950 adasiyira boma mundawo, ndipo anthu akhala akupitako m'miyezi ya Juni ndi Julaye kukaona maluwa a zomera zomwe ku Lago zimangopserera ndi moto.

Chomera chomwe chidabisa chimwala chija akatswiri amachitcha Aloe cameronii, ndipo dzinalo lidachokera kutsidya kwa nyanja. Kenneth Cameron, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya African Lakes m'dziko la Nyasaland, ndiye adachitumiza ku munda waukulu wa Kew ku London, komwe chidapatsidwa dzina lake mu 1903. Masamba ake amafiira ngati mkuwa dzuwa likakula. Naye Christian ali ndi chake, Aloe christianii, chomwe chimamera m'tchire la mitengo ndi udzu ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo chimatulutsa phesi lalitali la maluwa. Palinso Aloe chabaudii, wa masamba otuwirako, yemwe amamera mothithikana pamatanthwe. Mitundu yonse ya banja limeneli imapitirira 500, yambiri mwa iyo ili mu Africa ndi pa chilumba cha Madagascar. Alovera weniweni wa m'masitolo, uja amalembedwa pa mabotolo a mafuta odzola, ndi mtundu umodzi wokha mwa yonseyi, ndipo kwawo ndi ku Arabia.

Chodandaulitsa n'chakuti m'mabuku mudalowa maina a alendo okhaokha. Gogo wachikazi yemwe adaloza thanthwe, ndi mnyamata yemwe adasenza chomeracho pamutu, palibe adawalemba. Chikhalirecho chomera chilichonse chinali ndi dzina lake m'Chinyanja ndi m'Chiyao mzungu asanafike. Mwana wa lero akamatchula zonse kuti alovera, ndiye kuti maina aja akupita kumanda pamodzi ndi eni ake. Ichi chokha ndi chifukwa chokwanira choti mphunzitsi atenge ana ake, apite nawo kwa agogo a m'mudzimo ndi tsamba m'manja, afunse kuti, "Agogo, ichi pakale munkati chiyani, nanga chinkagwira ntchito yanji?" Yankho lake lilembedwe pa kathabwa, kazikidwe pambali pa chomeracho.

Chinsinsi cha zomera zimenezi chagona pa kasungidwe ka madzi. Chimanga ndi chinangwa zimapuma masana kudzera m'timabowo ta m'masamba, ndipo popuma pamenepo madzi ambiri amauluka ndi dzuwa. Alovera, khonje ndi anzawo amatseka timabowo tawo masana n'kutitsegula usiku kukazizira. Mpweya womwe akoka usikuwo amausunga m'thupi, n'kuugwiritsa ntchito dzuwa likatuluka, zitseko zili chitsekere. Khungu la tsamba ndi lochindikala, lokhala ngati lopakidwa phula, ndipo mkati mwake ndi mosungira madzi. Mizu ya zambiri mwa izo siipita pansi kwambiri, imayala pamwamba kuti kamvula kakang'ono kakagwa imwe msanga. Nkhadze idachita kutayiratu masamba, timasamba take timayoyoka tidakali tating'ono, ndipo ntchito yonse imagwiridwa ndi nthambi zobiriwirazo. Mlambe nawo, womwe wadzaza pa chilumba cha Likoma ndi m'magombe a kuno, umasunga madzi m'thunthu lake lofewa.

Apa mpomwe pali msampha womwe ungagwetse woyamba kumene. Mabuku ndi zithunzi za pa intaneti zimakamba za minda ya m'chipululu, koma Lago si chipululu. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mvula imagwa yeniyeni, mitsinje ya m'mapiri imadzaza, msewu wa ku Cobue umavuta. Chomwe chingaphe munda wotere si chilimwe koma dzinja. Chomera chomwe chingakhale miyezi isanu ndi umodzi osalawa dontho chimaola m'masiku owerengeka mizu yake ikakhala m'matope. N'chifukwa chake m'thengo chimasankha thanthwe ndi malo otsetsereka, osati dambo.

Tsono wofuna kukonza mundawu asayang'ane kudimba. Asankhe malo okwera, a dzuwa, pomwe madzi a padenga la sukulu kapena la tchalitchi sagwerapo. Aunjike miyala pansi, pamwamba pake athire dothi losakaniza ndi mchenga wokhakhala wa mumtsinje ndi timiyala, mpaka muluwo ufike m'bondo. Manyowa akhale ochepa ndiponso owolerana bwino. Ndowe zaziwisi za m'khola zimaoletsa tsinde, ndipo feteleza wa chimanga asungidwire chimanga. Miyala ina iikidwe mozungulira tsinde kuti mvula isamathovukire matope m'kati mwa masamba. Zonsezi sizilira ndalama, miyala ndi mchenga ku Lago sizigulidwa.

Mbewu yake ndiyo ifuna mwambo. Alovera wambiri amaphukira ana m'mbali mwa tsinde. Munthu atenge mwana mmodzi kapena awiri ndi mpeni wakuthwa, mayi wake amusiye pomwepo kuti chaka chamawa aberekenso. Mwanayo asabzalidwe tsiku lomwelo ayi. Aikidwe pamthunzi kwa sabata imodzi kuti bala liume, chifukwa bala laliwisi likalowa m'dothi lonyowa ndiye khomo la kuola. Akabzalidwa asathiriridwe msanga, ndipo pambuyo pake kachikho kamodzi pa sabata kakwanira mpaka mizu igwire. Mitundu yomwe siphukira ana ifesedwe kuchokera ku njere, zomwe zimatoledwa makoko ake akayamba kung'aluka maluwa atatha. Njira imeneyi ndi yochedwa, pamapita zaka zingapo chomera chisanachite maluwa, koma ndi yokhayo yosaononga. Nkhadze ndiye yosavuta, nthambi yodulidwa n'kuumitsidwa masiku angapo imagwira yokha. Khonje amabereka ana pansi ndiponso pa mlongoti wake uja, womwe amautulutsa kamodzi kokha patapita zaka zambiri, kenako iye n'kufa.

Khonjeyu, ngakhale adazolowereka chonchi, ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico. Mu 1893 Mjeremani wina, Richard Hindorf, adabwera ndi mbande zake ku Tanganyika, ndipo zomwe zidafika zamoyo zinali 62 zokha. Zochepa zomwezo ndizo zidabala minda ikuluikulu ya khonje ya ku Tanzania. Koma ndi mlendo waulemu, amakhala pomwe waikidwa ngati mwini munda akuchotsa ana ake, amapereka chingwe, ndipo mzere wake wopingasa phiri umagwira dothi lomwe likadatsikira m'nyanja.

Mlendo wosowa ulemu ndi kaloga, chomera chija cha masamba onga zikhatho zothithikana, chobereka zipatso za timinga tosaoneka bwino. Icho ndi cha banja lomwe azungu amati kakitasi, ndipo banja lonselo kwawo ndi ku America, kupatula mtundu umodzi wolendewera m'mitengo womwe umapezekanso mu Africa. Nkhadze yaikulu ija ya nthambi zoloza kumwamba, yomwe alendo amaijambula n'kumati ndi kakitasi, si kakitasi konse. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: nkhadze ikabayidwa imatuluka utomoni woyera ngati mkaka, kaloga satero.

Kaloga amakopa chifukwa zipatso zake zimadyedwa ndipo mpanda wake palibe mbuzi ingadutse. Koma chikhatho chilichonse chogwa pansi chimamera, ndipo njere zake zimamwazidwa ndi mbalame ndi anyani. Ku Australia adamutenga ngati mpanda ndi chokongoletsa, ndipo pofika 1925 adali atadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni m'zigawo za Queensland ndi New South Wales, alimi n'kuthawa minda yawo. Chidawapulumutsa ndi kagulugufe kotchedwa Cactoblastis, kochokera ku Argentina, komwe mphutsi zake zimadya kaloga m'kati, ndipo kadamwazidwa kuyambira 1926. Ku Laikipia m'dziko la Kenya abusa akhala akulira ndi mtundu wina wa chomera chomwechi, chifukwa timinga take timalasa mbuzi m'kamwa ndi m'maso mpaka kulephera kudya. Dziko la m'mphepete mwa nyanja ku Lago ndi lopapatiza, phiri kuno madzi uko, ndipo malo olima ndi odyetsa ziweto ndi ochepa kale. Munda wa sukulu usakhale khomo lolowetsera chomera chotere. Ngati mphunzitsi afuna kuti ana amudziwe kaloga, tsinde limodzi m'chitini likwanira, ndipo chikhatho chogwa chitenthedwe, chisatayidwe kudzala.

Nkhadze, yomwe ndi ya konkuno, nayo ili ndi mlandu wake. Utomoni wake ukalowa m'diso umaotcha koopsa ndipo munthu atha kukhala masiku osaona. Wodula nkhadze aime kumbali komwe mphepo ikuchokera, asapukute thukuta ndi dzanja la utomoni, ndipo ana aang'ono asapatsidwe ntchito imeneyi. Ngozi ikachitika, diso litsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenako wodwalayo apite kuchipatala. Alimi a njuchi akudziwanso kuti uchi wochokera ku maluwa a nkhadze yaikulu umawawa kukhosi. Ndipo asodzi akale ankadziwa kuti utomoni womwewu, monga katupe, umaledzeretsa nsomba m'maiwe ndi m'mathiriro a mitsinje. Usodzi umenewo umapha chilichonse, ndi ana a nsomba omwe, ndipo malamulo a usodzi amauletsa. Kuyambira 2011, pomwe boma la Mozambique lidalengeza mbali yake ya nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa, nkhani ya zomwe zikulowa m'madzi si ya mudzi umodzi wokha.

Komabe nkhadze isanyozedwe. Anthu omwe adathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania pa nthawi ya nkhondo, pobwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, adapeza nyumba zitagwa ndi minda itasanduka tchire. Pa bwinja lotere chomwe chimatsala chiimire ndi mitengo ya mango ndi mzere wa nkhadze, ndipo izo ndizo zimanena kuti khola linali apa, malire ankadutsa apo, manda a makolo ali uko. Chomera chosunga malire popanda wochisamala kwa zaka khumi chiyenera malo ake m'mundamo, kungoti chikhale kumapeto, kutali ndi pomwe ana amasewera.

Za mankhwala ziyenera kunenedwa mosapsatira. Madzi oterera a m'kati mwa tsamba la alovera amaziziritsa khungu lopsa pang'ono. Koma madzi achikasu owawa omwe amatuluka pansi pa khungu la tsambalo amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo mitundu ina ya m'thengo ndi poizoni. Mayi woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono, mwana wamng'ono asapatsidwe. Amayi ambiri amaduladula tsamba m'madzi akumwa a nkhuku chitopa chikamveka m'mudzi woyandikana. Palibe angawaletse, koma tsambalo sililowa m'malo mwa katemera wodonthezera m'diso, uja wotchedwa I-2, yemwe alangizi a ziweto amalimbikitsa kuti aziperekedwa katatu pa chaka. Nkhuku zotemera ndizo zimatsala chitopa chikadutsa.

Adani enieni a zomerazi m'thengo ndi awiri. Woyamba ndi moto wa chilimwe, wa osaka mbewa ndi wa osuta fodya. Alovera wamkulu amapirira moto wodutsa msanga, koma ana ake ndi mbande zomera ku njere zimapsa, ndipo thanthwe lopsa chaka ndi chaka limatsala ndi nkhalamba zokhazokha. Wachiwiri sadafike mwamphamvu, koma njira yake ikuoneka kumwera. Ku South Africa, m'chigawo chouma cha Namaqualand, kuyambira cha mu 2019 apolisi akhala akulanda tizomera tosunga madzi zikwi mazanamazana tokumbidwa m'thengo kuti tikagulitsidwe kunja kudzera pa intaneti, ndipo mitundu ina yatsala pang'ono kutheratu. Okumbawo ndi anthu osauka a m'midzi, omwe amalandira pang'ono n'kukagwira ndende, pomwe wowatumayo ali phee kutali.

Ku Lago alendo amabwera, ena kudzera ku Lichinga, ena pa boti kuchokera ku Likoma kupita ku Cobue. Malo ogona alendo akamachuluka, eni ake adzafuna zomera zokongoletsa pabwalo zosalira kuthirira, ndipo mnyamata wa khasu adzaona kuti thanthwe lonse litha kulowa m'thumba limodzi. Mnyamatayo adziwe ziwiri. Choyamba, chomera chomwe chatenga zaka makumi awiri kuti chikule chimazulidwa m'kanthawi kochepa, ndipo dothi lochepa lomwe mizu yake inkagwira limakokoloka ndi mvula yoyamba. Chachiwiri, pali pangano la maiko lotchedwa CITES, lomwe lidasainidwa mu 1973, ndipo Mozambique ndi Malawi onse adalowamo. Panganoli limati alovera wa m'thengo wa mtundu uliwonse, kupatula uja wa m'masitolo, saoloka malire a dziko popanda chikalata cha boma. Kuchokera ku Cobue kupita ku Likoma ndi ulendo waufupi pa bwato, koma ndi malire ndithu.

Munda wa pamudzi ndiwo ungatseke mpata umenewu. Tsinde limodzi losamalidwa bwino limapereka ana chaka chilichonse, ndipo ana amenewo, oleredwa m'zitini kapena m'miphika yosweka, ndiwo angagulitsidwe kwa mwini malo ogona alendo kapena kwa wa ku Metangula wofuna kukongoletsa pakhomo, thanthwe lili chikhalire. Ndalama yake si yomangira nyumba ya malata, asanamizidwe munthu, koma ya choko ndi makope itha kupezeka. M'miyezi ya mwera, pomwe maluwa ena m'tchire ndi osowa, alovera ndiye amachita maluwa, ndipo njuchi ndi timbalame tija ta milomo yaitali timasonkhana pomwepo. Mwana wophunzira za chilengedwe amaona ndi maso zomwe buku likadangomuuza.

Mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo woganiza zoyamba apite kaye kwa amfumu, chifukwa matanthwe ena ndi a manda ndi a nsembe, ndipo sakwerapo munthu wamba ndi mpeni. Amfumu ndiwo anganene thanthwe lololedwa, ndiponso ndiwo angalamule kuti udzu wozungulira malowo ulambulidwe moto usanayambe. Nthawi yabwino yozindikira mitundu ndi Juni ndi Julaye, maluwa ali poyera, chifukwa masamba okha amanamiza. Chomera chizindikiridwe pamenepo, paikidwe mwala wa chizindikiro, ndipo njere zikatoledwe zikakhwima. Ana ake akadulidwe mu Sepitembala kapena Okutobala, kuti mvula ya Disembala idzawapeze atagwira kale mizu pamulu wawo wa miyala. Mpanda wotchinga mbuzi umangidwe tsiku lobzala lisanafike.